Mkamwini ndi Batani Losaoneka

Ku ofesi ankamutcha Bweretsani. Dzina lake lenileni linalipo, lolembedwa bwinobwino pa kakhadi kolowera pachipata, koma palibe amene ankalitchula. Munthu akangokodwa pang'ono pa foni, chala chili m'malere akuganiza podina, iye anali atatambasula kale dzanja. "Bweretsani kuno." Dina apa, dina apo, n'kubweza foni zonse zitatheka, mwiniwake osadziwa kuti zatheka bwanji. Iye ankati kumeneko n'kuthandiza anthu. Ankatero ndi anzake a kuntchito, ankatero ndi mkazi wake, mpaka tsiku lina anatero ndi munthu wosamudziwa m'basi, amene anatsala pang'ono kukuwa kuti wakuba.

Ntchito yake inali yokonza maonekedwe a mapulogalamu a pafoni: batani likhale pati, lilembedwe chiyani, munthu akadina aone chiyani. Tisamunamizire, luso anali nalo, ngakhale kuti luso lomwelo ndi limene linamugulitsa nsapato zachikasu za zingwe zofiira, zimene apongozi ake ankaziseka kuti n'za woyimba. Chimene ankanyadira koposa chinali pulogalamu imene anakonzera chipatala china cha anthu a matenda okhalitsa, a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Kale anthuwo ankalawirira kukaima pamzere. Tsopano munthu ankayenera kusankhiratu tsiku pa foni, ndipo wosalembetsa sankaonana ndi dokotala ngakhale kulandira mankhwala. Masamba a pulogalamuyo anali oyera mbee, timalemba tating'ono totuwa, mawu ochepa, tizithunzi m'malo mwa mawu. Abwana ataona anaomba m'manja, ndipo Bweretsani anayenda mapewa ali m'mwamba sabata yonse.

Patapita miyezi itatu chipatala chinayamba kudandaula. Anthu ankafika akulumbira kuti analembetsa, koma mayina awo mu kompyuta munalibe.

"Anthu sawerenga," anatero Bweretsani pamsonkhano, akuzunguliza cholembera patebulo. "Tonse muno tinayesa. Ndani analephera? Palibe."

M'chipinda mmene ankanenamo munali anthu asanu ndi atatu, onse osafika zaka makumi anayi, onse a maso akuthwa, onse a mafoni aatali oposa chikhatho. Zimenezo iye sanazione ngati nkhani.

Kumapeto kwa tebulo kunakhala mayi wina amene anali atangoyamba kumene ntchito. Anamulemba kuti azifufuza mmene anthu amagwiritsira ntchito zinthu zimene kampaniyo inkapanga, ndipo anali wosakonda kulankhula zambiri.

"Mawa tipite kuchipatala komweko," anatero mayi wofufuzayo. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikangoonerera basi. Koma inuyo lamulo lanu ndi limodzi, manja mukawakhalire."

"Ndikhalire manja?"

"Mukawaike pansi pa ntchafu n'kukhalapo. Mbiri yanu ndaimva."

Anthu anaseka. Nayenso anaseka, koma kunali kuseka kwa mano okha.

M'mawa mwake anawalandira kalaliki wa pachipatalapo, bambo wa maso otopa amene tebulo lake linali pakona ya khonde lalitali la mabenchi. Pambali pa tebulolo panaima kabati yachitsulo ya mafayilo, ya miyendo italiitali. Mayi wofufuza anakhala poyera pafupi ndi kalaliki. Bweretsani anakokera mpando wake kuseri kwa kabati, n'kutambasula miyendo pansi pake. Sankafuna kuti odwala azimufunsa njira ya kuchimbudzi, ndiponso ankaona kuti ulendo wonsewo unali wotaya nthawi.

Pofika teni koloko kalaliki anali atabweza anthu asanu ndi awiri. Onse ankanena chinthu chimodzi, kuti foni inawaonetsa kachizindikiro kobiriwira. Bweretsani ankangopukusa mutu kuseriko. Kenako anamva mawu amene anawadziwa asanamalize n'komwe kupereka moni.

Anali apongozi ake, mayi a mkazi wake. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, amene anaphunzitsa ana a makalasi oyambirira zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo chimwalirireni amuna awo ankakhala okha, akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi tsiku ndi tsiku. Pulogalamuyo anawaikira yekha Bweretsani pa kafoni kawo kakang'ono, ndipo ulendo woyamba anawalembetsera yekha, mwachangu chake chija, iwo akupita kukatenga magalasi. Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse akapita kukawaona ankafunsa kuti, "Za kuchipatala zikuyenda, amayi?" Iwo ankayankha kuti, "Zikuyenda, bambo," n'kumuperekeza pakhomo.

"Agogo, kano n'kachitatu," anatero kalaliki. "Dzina lanu mulibe."

"Ndinalembetsa, mwanawe. Inandichongera. Kobiriwira."

"Aliyense akunena zomwezo. Kodi kunyumba kulibe ana ophunzira oti azikuthandizani?"

Bweretsani anasuzumira pa mpata wa pakati pa kabati ndi khoma. Anaona dzanja la apongozi ake litagwira m'mphepete mwa tebulo. Munthu amene anaphunzitsa ana mazanamazana kugwira pensulo ankafunsidwa ngati kwawo kuli wophunzira.

"Mankhwala atsala ochepa," anatero iwo. "Sizingatheke kuti adokotala angondiona, ngakhale pomaliza penipeni?"

"Lamulo si langa, agogo. Kompyuta ikakana, kwa adokotala fayilo yanu siituluka."

Pamenepo apongozi anawongoka, ndipo mawu awo anasanduka a m'kalasi, aja ochititsa ana kukhala chete. "Ndiye mukawauze amene anapanga chinthu chimenechi kuti..."

Sanamalize. Anayang'ana pansi, nakhala choncho kanthawi ndithu, mpaka mayi amene anali pambuyo pawo anatsokomola. Atadzutsa mutu, mawu anali atabwerera pansi.

"Ayi, musawauze kanthu. Vuto ndi ineyo. Mutu wakalamba."

Apa ndi pamene Bweretsani anayenera kudzuka. Panalibe chovuta chilichonse, kungoima n'kunena kuti awa ndi amayi anga, ndipo chinthucho ndinapanga ndine. Koma pabenchi panali anthu oposa makumi atatu, ena mwa iwo obwezedwa omwe aja, ndipo mayi wofufuza anali pomwepo ndi cholembera chake. Bweretsani anachita mantha ndi maso a anthu. Anabweza miyendo yake pang'onopang'ono, naipinda pansi pa mpando, nakhala phee ngati mwana wobisala ataswa kapu. Anamva apongozi ake akuthokoza kalaliki, anamva masilipasi awo akukhwekhwereza m'khonde, mpaka phokosolo linatha. Munthu amene dzanja lake linkafika pa foni ya aliyense, tsiku limeneli silinafike ngakhale paphewa la apongozi ake.

"Mwaonapo chiyani?" anafunsa mayi wofufuza nthawi ya nkhomaliro.

"Mutu ukundipweteka," anayankha, osamuyang'ana kumaso. Anatenga chikwama chake n'kutuluka.

Anayenda wapansi mtunda wautali asanakwere basi, manyazi akumutafuna. Anaganiza zoimbira mkazi wake, koma akanayamba ndi mawu ati? Anaganiza zolowa mu kompyuta ya kuntchito n'kuwalembetsa apongoziwo mwakachetechete, iwo n'kungolandira uthenga, nkhani n'kuthera pomwepo. Njira imeneyi inamukomera kwambiri, ndipo kukomako n'kumene kunamuchititsa manyazi ena. Cha m'ma fili koloko anapezeka akugogoda pakhomo pawo.

"Pakati pa sabata, bambo? Kwagwanji?"

"Palibe, amayi. Ndimangodutsa."

Anamulowetsa pabalaza. Zonse zinali m'malo mwake monga mwa masiku onse: tebulo la nsalu ya pulasitiki ya maluwa, wayilesi yokutidwa ndi kansalu koluka, mpando wa malemu umene palibe ankakhalapo. Chachilendo chinali chimodzi. Patebulo panali kasosala, pa kasosalapo panali lezala ndi timapiritsi toyera, tonse todulidwa pakati. Lamlungu kasosala kameneka sikankakhalapo. Anayang'ananso mapazi awo, naona akakolo atatupa mpaka kusefukira m'masilipasi. Sanafunikire wina womuuza. Mankhwala a miyezi iwiri anali atawatambasula kuti afike mwezi wachinayi.

Apongozi anaona kumene maso ake anali. Anatenga kansalu n'kuphimba kasosala kaja, ngati kuti akuingitsa ntchentche.

"Amayi, ndili ndi pempho," anatero Bweretsani. "Mundionetse mmene mumalembetsera tsiku la kuchipatala. Muchite nokha, ine ndizingoona."

Anakhala pampando wathabwa, nalowetsa manja onse awiri pansi pa ntchafu. Apongozi anamuyang'ana, nayang'ana manjawo, koma sanafunse. Analowa kuchipinda n'kutulukako ndi foni, magalasi ndi kope la ana asukulu lokutidwa ndi pepala lakhaki.

Kopelo linamumaliza Bweretsani. Tsamba lililonse la pulogalamu yake linali litajambulidwamo ndi pensulo, mizere yowongoka ndi rula, manambala m'mbali, ndi malangizo a zilembo zozungulira bwino zija za pabolodi. "Choyamba, dinani timizere titatu ta pakona."

"Timizere timeneti tinanditengera masiku awiri," anatero apongozi. "Ndinkayesa n'tokongoletsa chabe."

Anayamba. Timalemba totuwa tija sitinkaoneka m'nyumbamo, choncho ananyamuka kukaima pazenera, foni ili kutali ndi nkhope, kenako pafupi, kenako kutalinso. Analemba dzina, chilembo chimodzichimodzi. Foni inafunsa nambala ya pa khadi la kuchipatala, ndipo khadilo linali m'chikwama chimene chinali kuseri kwa chitseko. Pamene ankabwerako nalo, tsamba linali litasintha. "Nthawi yatha. Yambaninso." Zonse zimene analemba zinali zitafufutika.

"Pepani, bambo. Ndimachedwa."

Bweretsani anakumbukira tsiku limene anasankha yekha kuti munthu akakhala mphindi imodzi osadina kanthu, zonse zizifufutika. Wina anafunsa ngati mphindi imodzi siichepa, iye n'kuyankha kuti munthu sangathe mphindi yonse akuyang'ana foni ngati akuonera mpira. Anthu anaseka tsiku limenelo.

Ulendo wachiwiri apongozi anaika khadi patsogolo pawo. Atalemba nambala ya foni panatuluka mawu ofiira akuti, "Cholakwika 14."

"Ichi sindinachimvetsebe," anatero iwo, akutsegula tsamba lina la kope. "Zolakwika zina khumi ndi zitatuzo sindikudziwa kuti ndinazichita liti. Koma ndinapeza kuti ndikachotsa mpata pakati pa manambala, chimachoka chokha."

Anafika pa kalendala. Timadeti tinali tothithikana, ndipo chala chawo chonjenjemera chinkati chikalunjika pa Lachiwiri n'kugwera pa Lachitatu. Anayesa kanayi, ndipo kanayi konse anapepesa. Manja a Bweretsani ankayabwa pansi pa ntchafu. Mawu ake aja akuti "bweretsani kuno" anafika mpaka pamilomo, iye n'kuwameza. Chilichonse chimene chinkawapunthwitsa ankachidziwa tsiku limene anachiika, ndiponso chifukwa chimene anapereka pochiika, ndipo zifukwa zonsezo tsopano zinkamveka zopusa.

Pomaliza pagalasi la foni panatuluka kachizindikiro kakakulu kobiriwira, kochonga, ndi mawu akuti, "Tsiku lanu lasankhidwa." Apongozi anapumira m'mwamba, naika foni patebulo, navula magalasi.

"Basi. Yandichongera."

"Mwamaliza, amayi?"

"Nanga pakatsalanso chiyani? Ine ndachonga makope zaka makumi atatu ndi zinayi. Ukamuchongera mwana ndiye kuti wakhoza, atseke kope azipita kosewera."

Bweretsani anaweramira pa foni ija osaigwira. Pa foni yake yaitali, pansi pa kachizindikiro kobiriwirako pankaoneka batani lolembedwa kuti "Tsimikizani," ndipo munthu asanalidine dzina lake silinkapita kuchipatala. Pa kafoni ka apongozi galasi linkathera pa mawu aja. Batanilo linali pansi, kunja kwa galasi, ndipo panalibe chilichonse chosonyeza kuti kumunsiko kuli kanthu. Akuluakulu anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Iye khomo analiika ndithu, koma analikwirira, n'kulemba pakhoma kuti mwafika.

"Amayi," anatero Bweretsani, "ikani chala pakati pa galasi, mukankhire m'mwamba."

Anavalanso magalasi, nakankha. Batani lija linatulukira pansipo, lokongola, la makona osalala bwino. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Linali pamenepa nthawi yonseyi?"

"Eya, amayi."

"Nanga munthu angalione bwanji?"

"Sangalione."

Apongozi analidina. Posakhalitsa foni inalira, uthenga wochokera kuchipatala unafika, woyamba chiyambire kulembetsa okha. Tsiku lapafupi limene linali ndi malo linali patsogolo masiku asanu ndi anayi. Apongozi anavundukula kasosala kaja, naloza timapiritsi ndi chala kamodzikamodzi. Tinalipo tisanu ndi tiwiri, todulidwa kale. Kenako anangophimbanso.

Apa Bweretsani analephera kupirira. Analankhula maso ali pa nsalu ya patebulo.

"Amayi, inu simunalakwepo chilichonse. Batanilo ndinaliika pamenepo ndine. Mphindi imodzi ija ndine, timalemba totuwato ndine, cholakwika chija ndine. Ndipo pali china choipa kuposa zonsezi. M'mawa muja ndinalipo. Ndinali kuseri kwa kabati ya mafayilo. Ndinamva zonse zimene kalaliki uja anakuuzani, koma sindinadzuke."

Ankayembekeza kuti adabwa, kapena akwiya. Akanakonda atakwiya. Koma apongozi anangosalaza chikuto cha kope ndi chikhatho.

"Ndikudziwa, bambo."

Bweretsani anadzutsa mutu.

"Nsapato za woyimba zija si zobisala nazo," anatero iwo. "Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiwatukwane amene anapanga chinthuchi, ndiye poyang'ana pansi ndinaona zingwe zofiira pansi pa kabati. Ndinati iyayi, bambo wa adzukulu anga sindingamuvule pagulu, anzake a kuntchito ali pomwepo. Ndiye ndinati vuto ndi mutu wanga." Anamuyang'ana kumaso. "Ndinaonanso pamene mumazibweza mkati."

Mawu omalizawo anawanena mosakalipa, monga mmene munthu amanenera kuti kunja kwachita mitambo. Bweretsani anabwezanso maso pa nsalu ya patebulo. Manyazi a m'mawa aja anali aang'ono. Iye ankayesa kuti anabisala, chikhalirecho apongozi ake ndi amene anamubisa, namusiyira ulemu wake wonse, iwo n'kubwerera kunyumba kudzadula mapiritsi ndi lezala.

"Nanga bwanji simunandiuze kalekale? Lamlungu lililonse ndinkafunsa."

"Munkafunsa mutaimirira kale, chikwama chili m'manja. Ndiponso ndikanakuuzani mukanatani? Mukanati bweretsani kuno, n'kudinadina, n'kundibwezera. Mwezi wotsatira ndikanakhalanso pomwepo. Ine ndinkafuna kudziwa." Anamwetulira pang'ono. "Komanso ndinali nditadzitama kale pamzere paja kuti chinthuchi anapanga ndi mkamwini wanga. Ndikanabweza bwanji malovu?"

"Mawa m'mawa ndibwera kudzakutengani," anatero Bweretsani. "Ndikalankhula ndi adokotala ndekha. Ndikawauza kuti wolakwa ndine. Simungadikire masiku asanu ndi anayi."

"Tipita. Koma musakandipemphere ine ndekha."

Anatsegula kope lija kumapeto. Pa tsamba lomaliza panali mayina asanu ndi limodzi ndi manambala a foni, olembedwa mondondozana ngati kaundula wa m'kalasi.

"Mayi amene anali pambuyo panga uja ndi wa shuga. Lero wabwezedwa kachinayi, ndipo alibe mkamwini. Ndinamukopera kope langa lonse, tsamba ndi tsamba. Enawa nawonso ndinawakopera. Tinkakhala pabenchi tikabwezedwa, ine n'kumawaphunzitsa, iwo n'kumanditcha aphunzitsi." Anayendetsa chala pa mayinawo. "Onsewa ndinawauza kuti mukaona kobiriwira mwamaliza, zimitsani foni. Moyo wanga wonse sindinaphunzitsepo mwana wa munthu zolakwika, bambo. Ndadzaphunzitsa zolakwika nditakalamba, kwa anthu odwala."

Bweretsani anayang'ana mayina aja. Pepani anali mawu aang'ono kwambiri, ndipo m'nyumbamo anali atanenedwa kale kambirimbiri tsiku limenelo ndi munthu wosayenera kuwanena.

Apongozi anatsegula tsamba loyera, lotsatana ndi lija la kachizindikiro kobiriwira. Anatenga pensulo ndi rula, nazikankhira kwa iye pamodzi ndi kope.

"Ku ofesi kwanu mukakonza mawa, zimenezo n'zanu. Koma anthu angawa ndiwaimbira lero lomwe, dzuwa lisanalowe. Jambulani tsamba limene likusowali, lioneke bwino, zilembo zikuluzikulu. Manjawo mwawakhalira mokwanira."

Anatulutsa manja pansi pa ntchafu. Anali atachita dzanzi, mizere ya thabwa itadindika m'zikhatho. Anati agwire pensulo, pensuloyo n'kupulumuka, n'kugubuduka patebulo mpaka kukagunda kasosala. Anayesanso kachiwiri, zala zikukana kupindika. Apongozi anali naye pafupi, dzanja lawo lili pomwepo patebulo, ndipo akanatha kumutolera. Sanatero. Anapinda manja awo pamiyendo n'kumudikira.